Amaana pa Ntchito: Sikelo, Malipiro, Mphatso ndi Udindo M'chisilamu

Amaana ndi liwu la Chiarabu lomwe kawirikawiri timalimasulira kuti kukhulupirika. Koma tanthauzo lake loyamba ndi chinthu chomwe munthu wasungitsidwa: ndalama, katundu, chinsinsi, makiyi a sitolo, ana a eni m'kalasi, kapena mpando wa udindo. Chinthucho chili m'manja mwako koma si chako, ndipo mwini wake adzachifuna. Liwuli lidachokera pa tsinde limodzi ndi imaan, chikhulupiriro, komanso amn, kukhala mosaopa kanthu. Munthu wa amaana ndi amene anthu akamusiyira chinthu amakagona tulo.

Ambiri a ife tikamva za amaana timaganiza za ndalama zomwe mnzathu watisungitsa ponyamuka ulendo. Imeneyo ndi amaana ndithu, koma imabwera mwa kamodzikamodzi. Yomwe timakumana nayo m'mawa uliwonse ndi ya kuntchito: padoko pogawana usipa, pa sikelo ya mpunga, pa kauntala ya Airtel Money kapena Mpamba, mu ofesi ya boma, m'khitchini ya abwana, ngakhalenso m'komiti ya mzikiti.

Maziko ake mu Qur'an ndi Sunnah

Surat Al-Ahzaab, ayah 72, ikusonyeza kulemera kwa amaana: ndi katundu yemwe thambo, nthaka ndi mapiri zidachita naye mantha, koma munthu adamusenza. Surat An-Nisaa, ayah 58, yaika malamulo awiri pamodzi, kubweza zosungitsidwa kwa eni ake ndi kuweruza anthu mwachilungamo. Akatswiri a tafsir amalumikiza ayah imeneyi ndi nkhani ya kiyi wa Ka'bah. Pamene Makkah idatsegulidwa m'chaka cha 8 cha Hijra, chomwe ndi 630, Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alayhi wa sallam) adatenga kiyiyo kwa Uthman bin Talha kuti alowe mu Ka'bah. Ena mwa abale ake a Mtumiki adapempha kuti udindo wosunga kiyi upite ku banja lawo. Mphamvu zonse zidali m'manja mwake tsiku limenelo, koma adabweza kiyiyo kwa mwini wake. Mpaka lero kiyi wa Ka'bah amasungidwa ndi banja la Banu Shaybah.

Asanapatsidwe utumiki, anthu a mu Makkah ankamutcha kale Al-Amiin, wokhulupirika. Posamukira ku Madinah m'chaka cha 622 adasiya Ali bin Abi Talib (radhiya Allahu anhu) m'mbuyo kuti abweze katundu yemwe anthu adamusungitsa, ndipo ena mwa anthuwo adali okana uthenga wake. Apa pali lamulo lomwe ena amafuna kulilambalala: amaana sifunsa chipembedzo cha mwini katundu. Abwana anu akhale Msilamu, Mkhristu, kampani kapena boma, ndalama yawo ndi haraam kwa inu chimodzimodzi.

Qur'an yatchula kawiri zomwe tiziyang'ana mwa wantchito. Mu Surat Al-Qaswas, ayah 26, mtsikana wa ku Madyan polangiza bambo ake kuti alembe Musa (alayhis salaam) ntchito adatchula mphamvu ndi kukhulupirika. Mu Surat Yusuf, ayah 55, Yusuf (alayhis salaam) popempha udindo woyang'anira nkhokwe za Iguputo adatchula kusamala ndi kudziwa ntchito. Malo onse awiri, mtima wabwino wayenda limodzi ndi luso. Mmisiri amene walandira ntchito yomanga nyumba ya simenti asakudziwa kasakanizidwe kake waphwanya amaana asanabe ngakhale thumba limodzi. Mu Swahih Bukhari muli hadith yonena kuti kutayika kwa amaana ndi chizindikiro cha kuyandikira kwa Qiyaamah, ndipo Mtumiki (SAW) atafunsidwa kuti imatayika bwanji, adafotokoza kuti ndi pamene udindo waperekedwa kwa osauyenera.

Chinthu chikaonongeka, alipire ndani?

Mabuku a fiqh amagawa antchito m'magulu awiri. Ajiir khaas ndi amene wagulitsa nthawi yake kwa munthu mmodzi, monga mlonda, wogulitsa m'golosale, mphunzitsi kapena woyendetsa kabaza ya abwana. Ajiir mushtarak ndi amene amalandira ntchito kwa anthu ambiri, monga telala, makaniko wa injini za maboti, kapena wokonza mafoni.

Wa gulu loyambalo salipira chinthu chomwe chaonongeka m'manja mwake pokhapokha ngati adachita dala kapena adalekerera. Mwera ukang'amba ukonde, msodzi alibe mlandu. Akasiya ukondewo pagombe usiku wonse osaulondera, waulekerera, ndipo alipire. Mwini golosale amene amadula malipiro a mtsikana chifukwa cha buledi wotsala kapena botolo losweka mwangozi akudya ndalama yomwe si yake.

Pa gulu lachiwiri ma ulama adasiyana. A mazhab a Imam Malik amati amisiri alipire katundu wa anthu akatayika kwa iwo, pofuna kuteteza eni katundu. Imam Shafi'i, yemwe mazhab ake ndi omwe ambiri kuno kunyanja timatsatira, ankaona kuti mmisiri salipira ngati sadalekerere, koma wophunzira wake Ar-Rabii adanena kuti Imamuyo sankalengeza maganizo amenewa poyera poopa amisiri osaongoka. Zikuoneka kuti matelala otaya nsalu za eni Eid itayandikira adaliko ngakhale ku Iguputo zaka 1,200 zapitazo.

Sikelo, chigoba ndi ndowa

Palibe mbali ya malonda yomwe Qur'an yaibwereza ngati muyeso. Mtumiki Shu'ayb (alayhis salaam) adatumizidwa kwa anthu a ku Madyan ndi uthenga wa tawhid pamodzi ndi wa sikelo, monga tikuwerengera mu Surat Hud kuyambira ayah 84, ndipo adaonongedwa atakana zonse ziwiri. Surat Al-Mutwaffifiin, ya nambala 83, idatenga dzina lake kuchokera kwa anthu ochepetsa muyeso. Ibn Abbas (RA) adasimba kuti Mtumiki (SAW) pofika ku Madinah adapeza anthu ake ali oipitsitsa pa miyeso, ndipo ma ayah amenewa atatsika adasintha.

Chomwe surayi ikudzudzula ndi munthu wa miyeso iwiri, wofuna zodzadza pogula koma wochepetsa pogulitsa. Timamudziwa munthu ameneyu. Ali ndi ndowa yogulira padoko ndi ina yogulitsira kumsika, yomenyedwa pansi kuti ichepe. Ali ndi sikelo yomwe imayamba kuwerenga kilogalamu itadutsa kale. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi lomwe limayesa masikelo a malonda, koma silingafike pansi pa mtengo wa mango uliwonse pomwe venda wapachika sikelo yake nyengo yokolola. Kumeneko woyang'anira ndi imaan ya vendayo basi.

Mlimi naye sali kunja kwa mlanduwu. Kuwaza madzi mu chimanga kuti chilemere, kusakaniza mchenga mu nandolo, kuika mpunga wa faya pamwamba ndi wosweka pansi pa thumba, zonsezi ndi ghish, chinyengo. Imam Muslim adalemba kuti Mtumiki (SAW) podutsa pamsika adalowetsa dzanja mu mulu wa chakudya napeza kuti m'kati mwake ndi monyowa. Mwini wake adati idali mvula. Mtumiki sadatsutse za mvulayo. Adamufunsa chifukwa chomwe sadaikire chonyowacho pamwamba kuti ogula achione, ndipo adanenetsa kuti wachinyengo sali m'gulu lake. Taonani kuti kugulitsa chonyowa sikudaletsedwe. Choletsedwa ndi kubisa. Mayi amene usipa wake wavumbwa pathandala akhoza kuugulitsa, bola auonetse ndipo mtengo utsike moyenera.

Mtumiki (SAW) adaletsanso kukachingamira anthu obwera ndi malonda asanafike pamsika, ndipo adapereka ufulu kwa wogulitsayo wobweza malondawo akakapeza kuti adapusitsidwa pa mtengo. Wokadikira alimi panjira, kapena wopalasa bwato kukakumana ndi asodzi pamadzi, n'kuwauza kuti mitengo yagwa pomwe sidagwe, alowa m'chiletso chimenechi. Ndipo kugulitsa nsomba yomwe ikadali m'madzi ndi chitsanzo chomwe mabuku a fiqh amapereka pofotokoza gharar, malonda a chinthu chosadziwika ngati chipezeka.

Udindo wa wolemba ntchito

Ulaliki wambiri wa amaana umalunjika kwa wantchito, mwina chifukwa olemba ntchito ndi amene amakhala kutsogolo mumzikiti. Koma mawu oopsa kwambiri pa nkhaniyi akupita kwa abwana. Mu hadith qudsi yomwe ili mu Bukhari, Allah watchula anthu atatu omwe Iye mwini adzatsutsana nawo pa tsiku la Qiyaamah, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene adalemba munthu ntchito, ntchitoyo nkugwiridwa yonse, koma osamulipira. Ibn Majah adalemba lamulo loti wantchito alipidwe thukuta lake lisanaume. Bukhari ndi Muslim onse adalemba kuti kuchedwetsa kulipira uli nazo ndi kupondereza.

Mawu oti "ubwere mawa" aphetsa mabanja ambiri ndi njala. Waganyu amene walima mizere yanu lero alibe nkhokwe. Ufa wa usiku uno uli m'thumba mwanu. Mtsikana wa kumudzi amene mudamutenga kuti azilera ana, malipiro ake musamati mukumusungira pomwe mudawagulira feteleza. Ndipo tinene za kwathu komwe: makomiti ena a madrasa amatolera ndalama kwa makolo mwezi ndi mwezi, koma mu'allim nkutha miyezi itatu osalandira kanthu, akafunsa nkumuuza kuti ntchito yake ndi ya Allah. Ntchito ya Allah ndi yoona, koma sopo ndi lendi zimafuna makwacha. Komiti yomwe idalonjeza malipiro ili ndi ngongole ngati bwana wina aliyense.

Chitsanzo cha mbali inayo ndi mmodzi mwa amuna atatu omwe adatsekeredwa m'phanga ndi thanthwe, nkhani yomwe ili mu Bukhari ndi Muslim. Wantchito wake adachoka osatenga malipiro. Iye adachita nawo malonda malipirowo mpaka adasanduka ziweto zambiri, ndipo mwini wake atabwera patapita zaka adamupatsa zonse. Ntchito imeneyo ndi yomwe adaitchula popempha Allah, ndipo thanthwe lidasuntha.

Malipiro ayenera kudziwika ntchito isanayambe. Pa usodzi wa chilimira, pomwe mwini boti ndi ukonde amagawana zomwe zaphedwa ndi anyamata ake, a mazhab a Shafi'i amafuna malipiro odziwika kuchuluka kwake, pomwe ma ulama a mazhab a Hanbali adalola kugwirizana pa gawo, monga theka kapena limodzi mwa magawo atatu. Potsatira maganizo ololawo, gawolo litchulidwe boti lisananyamuke, ndipo zochotsera monga mafuta a injini ndi nyali ziwerengedwe pamaso pa onse. Mikangano yambiri ya padoko imabadwa pamene mtengo wa mafuta ukudziwika ndi munthu mmodzi yekha.

Ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Kulemberana si kukayikirana. Lamulo la dziko lino la zolembana ntchito la 2000 nalonso limafuna kuti wantchito apatsidwe mfundo za ntchito yake molemba, limaika maola 48 pa sabata ngati malire a ntchito ya nthawi zonse, ndipo boma limalengeza malipiro otsikitsitsa. Amene waponderezedwa akhoza kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ndipo milandu yotere imakathera ku khoti la Industrial Relations. Kutero si kusowa sabr.

Nthawi nayo ndi katundu

Wolembedwa pa mwezi adagulitsa maola ake. Kusaina alawansi ya msonkhano womwe sudakhalepo, kufika mochedwa nkulemba nthawi yabodza m'kaundula, kapena mphunzitsi kusiya dala mitu ina ya silabasi kuti akaiphunzitse m'makalasi olipiritsa, zonsezi ndi sikelo yochepetsa, kungoti ilibe mbedza. Swala ndi faradh ndipo wolemba ntchito apereke mpata wake, makamaka Ijumaa. Koma Surat Al-Jumu'ah yomwe ikulamula kusiya malonda adhana ikamveka ndi yomweyonso ikunena zobalalika kukafuna riziki swala ikatha. Swala ya Zuhr sitenga maola awiri.

Mphatso ndi chiphuphu

Apa ndi pomwe anthu abwino ambiri amagwera, chifukwa chiphuphu sichibwera ndi dzina lake. Chimabwera ngati "ya fanta", "kangachepe", "ya mayunitsi", kapena chambo chiwiri chokulunga m'pepala. Ndipo chikhalidwe chathu chimati kukana mphatso ndi mwano.

Abu Humayd As-Saa'idi (RA) adasimba, mu Bukhari ndi Muslim, kuti Mtumiki (SAW) adatuma munthu wotchedwa Ibn Al-Lutbiyyah kukatolera Zakaat. Pobwerera adagawa katundu pawiri: mbali ina ya Zakaat, ina nkuti ndi mphatso zomwe anthu adamupatsa iye. Munthuyu sadabise kanthu ndipo sadapemphe kanthu. Komabe Mtumiki adakwera pa mimbari nafunsa kuti bwanji munthu wotere osakhala m'nyumba ya bambo ake ndi mayi ake kuti aone ngati mphatsozo zingamupeze kumeneko. Adachenjezanso kuti wotenga chinthu mwa njira imeneyi adzabwera atachisenza pakhosi pa tsiku la Qiyaamah, kaya ndi ngamira, ng'ombe kapena mbuzi, chikulira.

Funso limeneli ndi muyeso womwe sudakalambe. Mukadakhala kuti mulibe mpandowo, chinthuchi chikadabwera? Ngati mnzanu wa kuubwana amakupatsani mpunga chaka chilichonse kuyambira musanalembedwe ntchito, ndipo alibe nkhani iliyonse pa desiki yanu, landirani. Ngati mpungawo wayamba kubwera mwezi womwe mwasankhidwa kukhala m'komiti yogawa malo, mpungawo si wanu, ndi wa mpando.

Ife aphunzitsi timakumana nazo. Chaka china, kutatsala sabata imodzi kuti titulutse zotsatira za mayeso a kumapeto kwa chaka, bambo wina adafika pakhomo ndi kampango wowamba bwino, wonona, nkuti angotiona. Mwana wawo adali pamalire a kukhoza ndi kulephera. Bamboyo sadatchule za mayeso, ifenso sitidatchule. Kubweza nsombayo kudali kowawa, ndipo padatenga nthawi kuti tiyambenso kupatsana salaam momasuka. Koma tidadziwa kuti tikadya kampangoyo, dzanja likadapepuka pochonga pepala la mwana mmodzi mwa ana ambiri omwe makolo awo alibe bwato. Njira yomwe taiona kuti imathandiza ndi kulengezeratu pa msonkhano wa makolo kuti aphunzitsi salandira kanthu nyengo ya mayeso, kuti wokanidwa asaone ngati wanyozedwa yekha.

Pali mwambi womwe anthu amadzitetezera nawo, woti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Sunnah idayankha kale. Abu Dawud adalemba kuti amene wapatsidwa ntchito ndi malipiro ake, chilichonse chomwe watenga pamwamba pa malipirowo ndi ghuluul, kuba za gulu. Muslim adalemba kuti ngakhale singano yobisidwa ndi wogwira ntchito ya gulu ili m'gulu lomweli. Singano ya lero ndi malita awiri a dizilo a galimoto ya ofesi, mankhwala a malungo otuluka pakhomo la kuseri kwa chipatala, kapena thumba la simenti la pulojekiti ya mjigo. Nkhani ya Cashgate ya 2013, pomwe ndalama za boma zidasololedwa ku Capital Hill mpaka mayiko othandiza adaimitsa thandizo lawo la bajeti, idadutsa m'manja mwa anthu ambiri osaina mapepala.

Mu Muwatta ya Imam Malik muli nkhani ya Abdullah bin Rawaha (RA), yemwe ankatumidwa ku Khaybar kukayerekeza zokolola za tende kuti zigawidwe pakati pa Asilamu ndi Ayuda olima minda ya kumeneko. Alimiwo adasonkhanitsa zodzikongoletsera za akazi awo kuti awapeputsire muyeso. Iye adakana, koma adawatsimikiziranso kuti kusawakonda kwake sikungamuchititse kuwapondereza. Mbali yachiwiriyi ndi yomwe timaiiwala: wokana chiphuphu alibe ufulu wolanga amene adayesa kumupatsa pomuchedwetsera fayilo. Surat Al-Maaidah, ayah 8, ikuletsa kuti chidani chitichotse pa chilungamo.

Themberero la pa chiphuphu, malinga ndi hadith ya Abu Dawud ndi Tirmidhi, likugwera wopereka ndi wolandira. Ma ulama ambiri adapatula munthu amene wakakamizidwa kupereka kuti apeze chomwe ndi chake kale, atasowa njira ina iliyonse; tchimo lake likhala pa wolandira. Chilolezo chimenechi ndi chopapatiza, ndipo sichikhudza wofuna kudumpha mzere kapena wofuna laisensi yomwe sadaiyenere. Dziwaninso kuti lamulo lothana ndi katangale la 1995, lomwe lidakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau, limaimba mlandu onse awiri.

Chibale

Chibale ndi fupa sichiola, ndipo Chisilamu chimalamula kulumikiza chibale. Koma chibale chimalumikizidwa ndi chuma chako, osati ndi udindo womwe wasungitsidwa. Mayi wina wa fuko lolemekezeka la Banu Makhzum ataba, a Quraysh adatuma Usamah bin Zayd (RA), wokondedwa wa Mtumiki, kuti akamupepesere. Mtumiki (SAW) adakwiya, nafotokoza kuti mitundu yakale idaonongeka chifukwa cholekerera olemekezeka ndi kulanga ofooka, ndipo adati chilamulo chikadagwira ntchito ngakhale pa mwana wake Fatimah. Surat An-Nisaa, ayah 135, ikulamula kuimira chilungamo ngakhale chikutsutsana ndi iwe mwini, makolo kapena abale.

Kulemba m'bale ntchito mu bizinesi yanu palibe choletsa. Pa ntchito ya gulu, m'bale akhoza kupikisana ngati wina aliyense, koma inu tulukani m'chipinda pomwe dzina lake likukambidwa.

Amaana ina yomwe yasokoneza mabanja ku Mangochi ndi madera ena a kunyanja ndi ya ndalama za ku Joni. Mnyamata akugona m'kachipinda ku Johannesburg kapena ku Durban, akutumiza ndalama kwa mchimwene wake kuti amumangire nyumba. Wolandirayo pa fiqh ndi wakiil, nthumwi, ndipo alibe ufulu wogwiritsa ntchito ndalamazo pa china chilichonse, ngakhale ndi cholinga chodzabweza, popanda chilolezo cha mwini. Kujambula nyumba ya eni nkutumiza pa WhatsApp ndi bodza loonjezera pa kuba. Komanso wotumizayo achite chilungamo: kuyang'anira amisiri ndi ntchito, ndipo ndi bwino kugwirizana malipiro a woyang'anirayo poyera kusiyana ndi kumusiya kuti azidzilipira mobisa. Malamulo omwewa akukhudza matransipota onyamula katundu wa anthu pa msewu wa ku Joni.

Posankha chochita zinthu zikavuta

Hadith ya Nu'man bin Bashir (RA) mu Bukhari ndi Muslim imagawa zinthu patatu: halaal yoonekeratu, haraam yoonekeratu, ndi zokayikitsa zapakati, zomwe wozipewa amateteza Deen yake ndi ulemu wake. Choyamba ndi kudziwa gulu lomwe nkhani yanu ili. Zambiri zomwe timazitcha zokayikitsa sizokayikitsa konse, kungoti yankho lake ndi lodula.

Zikakhala zapakatidi, Mtumiki (SAW) adapereka muyeso kwa Nawwas bin Sam'an (RA), womwe uli mu Muslim: tchimo limasowetsa mtendere mumtima ndipo sufuna kuti anthu alidziwe. Dzifunseni ngati mungathe kuchita chinthucho mwini ndalama ataima pambali panu, kapena kuchilemba m'buku la ofesi ndi dzina lake lenileni. Kenako funsani kuti atalipire ndani, chifukwa phindu lililonse lachinyengo lili ndi munthu wolilipira, ngakhale simukumuona nkhope. Funsirani nzeru kwa anthu awiri, wodziwa Deen ndi wodziwa ntchitoyo, pakuti shehe amene sadaonepo momwe matenda a boma amaperekedwera akhoza kukuyankhani funso lomwe simudafunse. Swala ya Istikhaara ndi ya posankha pakati pa zinthu zololedwa. Munthu sachita Istikhaara kuti adziwe ngati alandire chiphuphu.

Nanga abwana akakulamulani kulemba lisiti yabodza? Kumvera kumathera pomwe kunyoza Allah kwayambira, ndipo mawu oti "ndidangotumidwa" sachotsa dzina lanu pa pepalalo. Kanani mwaulemu komanso pambali, osawachititsa manyazi pagulu. Pemphani kuti lamulolo alilembe. Malamulo ambiri oipa amafera pomwepo. Sungani umboni wa zomwe inu mudachita. Sitikunamizani kuti zimatha bwino nthawi zonse: ena adasamutsidwira kutali, ena ntchito idawathera, ndipo ana awo adavutika. Lonjezo la Surat At-Twalaaq, ayah 2 ndi 3, loti woopa Allah adzapatsidwa potulukira ndi riziki kuchokera komwe sakuyembekezera, ndi loona, koma silidatchule tsiku. Apa ndi pomwe jamaa iyenera kugwira ntchito: m'bale amene wataya ntchito chifukwa chokana chinyengo akhale woyamba kuganiziridwa pa Zakaat ngati wasauka, ndi pa mwayi wa ntchito kwa amalonda athu.

Kuulula ndi kusunga chinsinsi

Zinsinsi za kuntchito ndi amaana. Namwino sauza anthu matenda a wodwala, ndipo wa Mpamba sauza mudzi kuti uje walandira zingati. Koma kubisa kuba komwe kukupweteka anthu si kusunga chinsinsi. Imam An-Nawawi, katswiri wa mazhab a Shafi'i yemwe adamwalira mu 1277, adatchula mu Riyadhus Swalihin malo asanu ndi amodzi omwe kutchula zoipa za munthu sikukhala miseche, ndipo mwa iwo muli kudandaula kwa woweruza, kufuna thandizo lothetsa choipa, ndi kuchenjeza anthu. Malire ake ndi oti mutsimikize kaye, monga ikulamulira Surat Al-Hujuraat, ayah 6, munene kwa amene angathe kukonza zinthu, ndipo munene zomwe mudaona zokha. Gulu la WhatsApp la mudzi si bwalo la milandu.

Kubweza

Tawbah ya tchimo la pakati pa munthu ndi Allah imakwanira ndi kusiya, kudandaula ndi kutsimikiza kusabwereza. Pa chuma cha munthu pali sharti lachinayi, kubweza kapena kukhululukidwa ndi mwini wake. Swala, Swaumu ngakhale Hajj sizifafaniza ngongole imeneyi. Hadith ya muflis mu Muslim ikufotokoza za munthu wodzabwera ndi ibaada zambiri, koma zabwino zake nkugawidwa kwa omwe adawadyera chuma mpaka kutha, kenako nkusenzetsedwa machimo awo.

Werengerani zomwe mudatenga, ndipo pomwe mwaiwala, yerekezani mokweza. Sikofunika kudziulula ngati kutero kubweretsa chipwirikiti chachikulu. Chofunika ndi chakuti chumacho chifike kwa mwini, kaya kudzera mwa munthu wokhulupirika kapena pa foni. Mwini wake akakhala kuti adamwalira, chipite kwa alowam'malo ake. Akakhala kuti sakudziwika kapena mwamufunafuna osamupeza, monga makasitomala ambirimbiri omwe adadutsa pa sikelo yanu, perekani ndalamazo ngati sadaka m'malo mwa iwo, osati m'dzina lanu. Za boma kapena za gulu zibwerere komwe zidachokera, ndipo zikakanika kutero zipite ku zinthu zothandiza anthu onse. Amene sangathe kubweza zonse pakamodzi alembe ngongoleyo papepala, aike mboni ziwiri, azibweza pang'onopang'ono, ndipo auze a m'banja lake komwe pepalalo lili, chifukwa ngongole imachotsedwa pa chuma cha masiye anthu asanayambe kugawana miraath.